Ku Ruarwe kulibe msewu, koma sipuling'i ikathyoka amamva

Ku Ruarwe kulibe msewu wa galimoto. Mudziwu uli m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, pamalo pomwe mapiri amatsetsereka mpaka kuviika mapazi m'madzi, ndipo wofuna kukafikako amasankha pakati pa boti, sitima ya pamadzi kapena miyendo yake. Mwana wa kumeneko amatha kusiyanitsa maboti pongomva kulira kwa injini, koma hutala ya galimoto pakhomo pa makolo ake sadaimvepo.

Ngakhale zili choncho, moyo wa anthu a ku Ruarwe udakoloweka pa galimoto zomwe sizifika kwawoko. Shuga, sopo, mafuta ophikira, malata ndi simenti zimafika m'mudzimu podzera njira ziwiri. Ina ndi ya pamadzi kuchokera pa doko la Nkhata Bay, pa maboti kapena pa sitima ya Ilala, yomwe idapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951. Ina ndi ya pamtunda: katundu amakwera pikapu ku Mzuzu, amatsika phiri kukafika ku Usisya, kenaka amalowa m'boti kulowera kumpoto. Pikapu ya pa njira yachiwiriyi ikagona pagalaja kaamba koti sipuling'i yathyoka, mwini golosale ku Ruarwe sachedwa kudziwa, ndipo yemwe akumanga nyumba amauza amisiri ake kuti ayambe apuma.

N'chifukwa chake nkhani ya zitsulo za kunsi kwa pikapu, yomwe ambiri amaiona ngati ya amakaniko okhaokha, ndi nkhani ya pabanja.

Anthu a ku Chintheche ndi ku Kande, omwe ali pa msewu wa phula wa M5, kapena a pa Mpamba pa msewu wa Mzuzu kupita ku Nkhata Bay, adazolowera minibasi ndi tima Sienta. Ku Usisya zinthu n'zosiyana. Msewu wochokera ku Mzuzu kudzera ku Bula kwa zaka zambiri wakhala wafumbi, ndipo phula lake lakhala likumveka kwambiri m'misonkhano ya kampeni kusiyana ndi pansi pa matayala. Mzinda wa Mzuzu uli pa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475. Ndiye kuti galimoto imayenera kutsika mamita oyandikira 800, ndipo mbali yoopsa ya kutsikako ili chakumapeto kwa ulendo, pomwe msewu umakhotakhota m'mbali mwa phiri, phompho lili pambali, nyanja ikunyezimira kunsi. Mvula ikagwa, dothi lofiira limaterera ngati therere ndipo madzi amakumba ngalande pakati pa msewu.

Galimoto zomwe zimalimba mtima kuyenda njira yotere ndi zokoka matayala onse anayi, ndipo zambiri ndi nkhalamba. Toyota idayamba kupanga Hilux mu 1968, ndipo ma Hilux omwe adatuluka pakati pa 1988 ndi 1997, aja a injini ya dizilo ya malita 2.8, akadali pantchito m'madera ambiri a kumidzi. Land Cruiser ya mtundu wa 70 idatuluka mu 1984 ndipo ikupangidwabe mpaka lero. Injini yake ya 1HZ, ya malita 4.2, idabwera mu 1990, ndipo amakaniko amaikonda chifukwa siifuna kompyuta kuti adziwe chomwe ikudwala. Kulimba kwa galimotozi kudatchuka ngakhale pankhondo: mu 1987 asilikali a dziko la Chad adapirikitsa a ku Libya atakwera mapikapu a Toyota, mpaka nkhondoyo idapatsidwa dzina la kampaniyo. Pambali pa izi pali ma Isuzu KB, ma Nissan Hardbody ndi ma Land Rover ochepa. Zina mwa galimotozi zidagwirapo ntchito m'boma, m'mabungwe kapena m'maesiteti zisanagulitsidwe, zina zidabwera ndi ana a m'boma lomweli omwe amagwira ntchito ku Joni.

Kugula ina yatsopano n'kovuta. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Mwini pikapu yakale amangotsala ndi nzeru imodzi: kuilimbitsa yomwe ali nayoyo. Ndipo malo oyamba omwe maso ake amagwera ndi kumbuyo, komwe galimoto yayamba kukhala pansi ngati bakha.

Zomwe zili kunsi kwa bodi

Kumbuyo kwa mapikapu ambiri kuli masipuling'i a zitsulo zazitali zopindika pang'ono, zosanjikizana ngati mabuku. M'magalaja chitsulo chilichonse amachitcha lifu. Lifu ya pamwamba, yomwe ndi yaitali kuposa zonse, ili ndi diso mbali iyi ndi iyo. Diso la kutsogolo limamangidwa ku chasisi, la kumbuyo limalendewera pa kachitsulo kogwedera kotchedwa shackle, komwe kamalola sipuling'i kutalika ikaphwanthidwa ndi katundu. M'maso monsemo muli mabushi a labala. Pakati pa mulu wonsewo pamadutsa bawuti imodzi, centre bolt, yomwe mutu wake umalowa pa kabowo ka pa ekiselo, ndipo ma U-bolt awiri mbali iliyonse amafinya sipuling'i ndi ekiselo pamodzi.

Njira imeneyi ndi yakale kwambiri, idayamba ndi ngolo za mahatchi, koma sidatha ntchito. Land Rover mu 1983 idatulutsa One Ten ya masipuling'i ozungulira. Toyota nayo mu 1999 idaika ozungulira kutsogolo kwa Land Cruiser 70, koma kumbuyo idasiya malifu, n'kungowatalikitsa. Chifukwa chake n'chakuti malifu amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: amasenza katundu, komanso ndiwo amagwira ekiselo kuti isasunthe pamalo pake. Apa ndi pomwe pali ubwino, komanso ndi pomwe pali ngozi. Lifu ya pamwamba ikathyoka pafupi ndi diso la kutsogolo, kapena centre bolt ikameteka, ekiselo imasendera kumbuyo mbali imodzi ndipo galimoto imayamba kuyenda chankhanu. Pa msewu wa phula dalaivala atha kuima bwinobwino. Pa khona la pa mtsetse wa ku Usisya mpata woima umakhala wochepa.

Chitsulo chimatopa. Chikapindika ndi kuwongoka kambirimbiri pansi pa katundu wopyola muyeso, chimasiya kubwerera m'malo mwake. Sipuling'i yomwe idali ngati uta imakhala yowongoka, pena imapindikira mbali inayo. Kalabala komwe kamaletsa ekiselo kugunda chasisi kamaphwanyika kapena kugwa, ndipo pa bampu iliyonse okwera amamva chitsulo chikumenya chitsulo chinzake.

Zikafika apa, mwini galimoto ali ndi njira zitatu, ndipo amasankha malinga ndi thumba lake.

Yotsika mtengo ndi yopinditsanso malifu akale. Amakaniko amamasula mulu wonse, n'kumenya lifu iliyonse ndi hamala yaikulu pa chidutswa cha njanji, kapena kuifinya pa makina, mpaka ibwerere pa maonekedwe a uta. Galimoto imanyamukadi ndipo mwini wake amachoka akumwetulira. Koma kumenya sikubwezeretsa unyamata wa chitsulo, ndipo pakapita miyezi yochepa msana umagwanso. Choipa kwambiri ndi kuotcha lifu ndi moto wa gasi kuti ipindike msanga, kapena kuwotcherera yothyoka. Chitsulo cha sipuling'i chidaumitsidwa mwapadera kufakitale, ndipo moto umachotsa kuuma kumeneko. Powotchererapo pamaoneka polimba, koma m'mbali mwake ndi momwe mumadzathyoka. Kuwotcherera kungathandize kuti galimoto ichoke m'tchire ikafike pagalaja ilibe katundu, osati kubwereranso nayo ku Usisya ndi anthu.

Njira yachiwiri, yomwe ndi yofala, ndi yowonjezera lifu imodzi kapena ziwiri, kawirikawiri zochokera pa galimoto ina yomwe idaphwasulidwa. Ku Luwinga mu mzinda wa Mzuzu, ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre zitsulo zotere sizisowa. Ntchitoyi ikagwiridwa bwino imathandiza. Lifu yowonjezerayo iyenera kufanana m'lifupi ndi zinzake, kutalika kwake kugwere pakati pa ya pamwamba ndi ya pansi pake ngati masitepe, ndipo mbali zonse ziwiri za galimoto zilandire zofanana. Mulu ukanenepa umafuna centre bolt yaitali ndi ma U-bolt atsopano. Apa ndi pomwe ambiri amaumira, poti ma U-bolt akale amaoneka abwinobwino. Koma U-bolt imatamuka ikamangidwa koyamba ndipo mazinga ake amapunduka, moti ikamangidwa kachiwiri sigwiranso ngati poyamba. Ikangolekerera pang'ono, malifu amayamba kuseweraseweta pakati, ndipo mphamvu yonse imagwera pa centre bolt, yomwe ntchito yake si yosenza katundu. Lifu yothyokera pa bowo la pakati nthawi zambiri imakhala ikunena za ma U-bolt omasuka, osati za kuipa kwa msewu.

Yachitatu ndi kugula masipuling'i atsopano athunthu, pamodzi ndi mabushi, ma shackle ndi mashoko ake. Mayina odziwika pa malonda amenewa ndi monga Old Man Emu ndi Ironman 4x4, onse a ku Australia, dziko lomwe lili ndi misewu yafumbi yaitali zedi. Zipangizo zotere zimafika kuno kudzera ku South Africa, pomwe zina zotsikirapo mtengo zimalowera ku Songwe kuchokera ku Dar es Salaam. Opanga masipuling'i amenewa amawagawa malinga ndi katundu yemwe galimoto imanyamula tsiku ndi tsiku, choncho wogula amayenera kunena zoona za ntchito ya galimoto yake, osangoti akufuna olimba kwambiri.

Kutsika yolemera, kukwera yopepuka

Njira ya ku Usisya ili ndi khalidwe lake lomwe limapangitsa kuti mawu oti olimba kwambiri akhale msampha. Katundu wolemera amayenda chotsika: simenti, malata, makireti a zakumwa, mchere, matumba a chimanga. Wobwerera kumtunda ndi usipa wouma ndi nsomba zina zowamba, zomwe zimadzaza malo koma sizilemera kwenikweni, kuphatikizapo anthu. Pikapu yomwe yaikidwa malifu ambirimbiri kuti isenze simenti, pobwerera imakhala ngati ngolo yopanda sipuling'i n'komwe. Kumbuyo kumadumphadumpha, matayala amasiya kugwira pansi, ndipo pa chitunda choterera amangozungulira pamodzimodzi. Walira mvula walira matope.

Amene amamva kuwawa kwa kuuma kumeneku si mwini galimoto. Ndi mayi woyembekezera yemwe wachoka ku Ruarwe pa boti, ndipo achipatala ku Usisya amutumiza ku chipatala chachikulu ku Mzuzu pa tsiku lomwe ambulansi ili kwina. Ndi gogo wodwala msana yemwe wakhala pa thumba la usipa. Ndi thireyi ya mazira.

Mankhwala a vutoli alipo ndipo ma pikapu ambiri adabadwa nawo. Pansi pa mulu wa malifu pamakhala lifu ina yokhuthala, yowongoka, yomwe sigwira ntchito galimoto ikakhala yopanda katundu. Imayamba kusenza pokhapokha malifu a pamwamba akaphwanthidwa n'kufika poigunda. Makaniko wodziwa ntchito amalimbitsa gawo la pansili ndi kusiya la pamwamba lofewerapo, kuti galimoto ikhale ndi misana iwiri, wa potsika ndi wa pokwera.

Mashoko nawo anthu amawamvetsa molakwika. Shoko sisenza katundu. Ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kuvina ikagunda bampu. Mkati mwake muli mafuta omwe amakakamizidwa kudutsa m'timabowo, ndipo pa msewu wa mabampu osatha mafutawo amatentha n'kuchita thovu, shoko n'kufooka. N'chifukwa chake pa misewu yotere mashoko onenepa, a mafuta ambiri kapena a gasi, amapirira kuposa ang'onoang'ono. Sipuling'i yolimba pa shoko yakufa imadumphitsa galimoto kuposa kale. Komanso galimoto ikakwezedwa, shoko yakale imakhala yaifupi ndipo imakokeka mpaka kuzuka khutu. Mayina ngati Monroe ndi Gabriel ndi odziwika m'mashopu a zipangizo, koma katoni yokongola siitsimikiza za chomwe chili mkati. Shoko yomwe ikutuluka mafuta m'mbali yatha ntchito, ngakhale idagulidwa dzana.

Sipuling'i imabisa, siichotsa kulemera

Mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi ndi iyi: kulimbitsa masipuling'i sikuwonjezera katundu yemwe galimoto idapangidwira kunyamula. Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kolembedwa, pena mu boneti pena pa mphuthu ya chitseko, komwe kamanena kulemera komwe siyenera kupyola ikadzaza. Nambala imeneyo adaiwerengera poona chasisi, ekiselo, mabering'i, matayala ndi mabuleki, osati masipuling'i okha. Ku Australia munthu akafuna kuti nambalayo ikwezedwe, ntchitoyo imayenera kuvomerezedwa ndi injiniya wovomerezeka ndi boma. Kuno kwathu nambala imakhala yomweyo, chomwe chimasintha ndi maso a wopakira katundu.

Kale galimoto ikalemedwa inkadandaula poonekera, msana unkagwa ndipo aliyense ankaona kuti basi yakwana. Ikaikidwa malifu owonjezera imaima chilili ngakhale italemedwa kawiri, ndipo wopakira amati malo akadalipo.

Tiyerekeze pikapu ya kabini imodzi yomwe idapangidwira kunyamula tani imodzi, makilogalamu 1,000. Mu nambala imeneyi muli chilichonse chomwe chidawonjezedwa galimoto itachoka kufakitale. Tinene kuti zitsulo za m'mbali mwa bodi ndi lona wake zikulemera makilogalamu 100, chibampala chachitsulo cha kutsogolo 50, tayala lachiwiri lapadera 30, zigubu ziwiri za dizilo 40, dalaivala ndi womuthandiza 140. Patsala 640. Mukakwera anthu khumi a makilogalamu 60 aliyense, patsala 40. Thumba limodzi la simenti ndi makilogalamu 50. Aliyense yemwe adakwerapo matola akudziwa kuti anthu khumi ndi thumba limodzi ndi pomwe kupakira kumayambira.

Kulemera kopitirirako sikusowa kopita. Kumapita ku mabering'i a matayala a kumbuyo, omwe amatentha n'kuphwanyika, ndipo pa mapikapu ena bering'i ikatha tayala limatha kusolokoka pamodzi ndi shafiti yake. Kumapita ku chasisi, chomwe chimang'aluka pafupi ndi pomwe sipuling'i imamangidwa kapena pakati pa kabini ndi bodi, makamaka ngati katundu wolemera waikidwa kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matayala. Eni mapikapu a kabini ziwiri ku Australia adaphunzira izi mowawa: ambiri adapinda chasisi ataika zibaluni za mpweya zothandizira masipuling'i n'kumalemetsa kumbuyo. Ndipo koposa zonse kumapita ku mabuleki.

Pa mapikapu ambiri akale, aja opanda ABS, pali kavalavu kakang'ono kunsi kwa bodi komwe kali ndi kandodo kolumikiza ku ekiselo ya kumbuyo. Ntchito yake ndi kuyeza kulemera kwa katundu poona momwe bodi yatsikira. Bodi ikatsika, kavalavu kamatumiza mphamvu yambiri ku mabuleki a kumbuyo. Bodi ikakhala m'mwamba kamachepetsa mphamvuyo, kuti matayala a kumbuyo asagwire msanga n'kuzungulitsa galimoto yopanda katundu. Tsono taganizani galimoto yomwe yakwezedwa ndi malifu owonjezera. Yasenza matumba 25 a simenti koma bodi ili m'mwamba, ndipo kavalavu kakuganiza kuti m'galimoto mulibe kanthu. Ntchito yonse yoimitsa galimoto imagwera mabuleki a kutsogolo, pa mtsetse wautali, pomwe akufunika onse anayi. Kukonza kwake n'kosavuta: pomwe kandodo kamamangidwa pa ekiselo pamayenera kukwezedwa mofanana ndi momwe galimoto yakwerera, kenaka n'kuyesa mabuleki. Ntchito ya ola limodzi, koma imaiwalika chifukwa siioneka ndi maso ngati bampala yatsopano.

Mafuta a mabuleki nawo amayamwa chinyezi. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri 205 kapena kuposerapo, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140 okha. A DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Akawira, m'mapaipi mumalowa nthunzi ndipo phazi la dalaivala limangofika pansi popanda chogwira. Opanga galimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse, koma m'magalimoto ambiri akale amangothiramo owonjezera chaka ndi chaka. Madalaivala ozolowera njirayi amadziwa kuti buleki weniweni wa pa phiri ndi injini: kuima pamwamba, kutseka mahabu a kutsogolo, kulowetsa giya yaing'ono ya low range, n'kutsika pang'onopang'ono. Chizolowezi chotsika galimoto ili pa fili kapena injini itazimitsidwa pofuna kupulumutsa dizilo, chomwe chimakula mafuta akamasowa m'dziko, chimachotsa buleki ameneyu, ndipo injini ikazima phazi la buleki limauma komanso chiwongolero cha pawa chimalemera.

Zokongoletsa ndi zothandiza

Msana ukakonzedwa, mtima umafuna zina. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Chibampala chachitsulo chimateteza ladiyeta ku mbuzi ndi zitsa, koma chimalemetsa kutsogolo. Magetsi owonjezera amathandiza m'nkhungu ya m'mapiri, bola akhale ndi fyuzi ndi waya woyenera, chifukwa waya wolumikizidwa mwachidule ndiye amayatsa moto mu boneti. Nyali zenizeni nazo zimafuna kuwongoledwa, poti kumbuyo kukakwera zimaloza pansi. Paipi yokokera mpweya pamwamba pa kabini, ija amati snorkel, imathandiza injini kupuma mpweya wopanda fumbi lambiri ndi kupewa madzi powoloka, koma siisandutsa galimoto kukhala bwato. Winch ndi yodula ndipo imafuna batire lamphamvu. Fosholo, khasu, chingwe chokokera cholimba, jeke wabwino ndi thabwa lomuikapo pa matope zimatulutsa galimoto m'mavuto ambiri pa mtengo wochepa.

Zitsulo za m'mbali mwa bodi ndi zofunika pa galimoto yonyamula anthu ndi mitolo, koma zikatalika zimaitana katundu wa pamwamba. Malata, matiresi, njinga ndi matumba zikakwera pamwamba pa kabini, galimoto imalemera kumutu ndipo pa khona lopendekeka siichedwa kugona chammbali. Kukweza galimoto mopitirira kumawonjezera vuto lomweli. Masipuling'i ogula ambiri amakweza ndi mamilimita pafupifupi 50, ndipo kupyola apo paipi ya labala ya mabuleki, chingwe cha handibuleki ndi shafiti zimayamba kukokeka. Ena amakweza potalikitsa ma shackle kapena poika zidutswa za chitsulo pakati pa sipuling'i ndi ekiselo. Izi zimangosintha maonekedwe, sizithandiza kusenza. Ndipo pali chinthu china chomwe ambiri sachizindikira: kukweza bodi sikukweza difu. Chimutu cha difu chimakhalabe pomwe chidali, ndipo ndicho chimagunda miyala ndi kukwama pa mzere wa pakati pa msewu. Chomwe chimakweza difu ndi matayala aakulu okha, omwenso amafooketsa galimoto pa chitunda ndi kulemetsa ntchito ya mabuleki.

Pa zonse zomwe munthu angagule, matayala ndiwo ayenera kukhala patsogolo. M'mbali mwa tayala lililonse muli nambala yonena katundu yemwe lingasenze: 100 ndi makilogalamu 800, 106 ndi 950, 112 ndi 1,120. Tayala la pikapu ya katundu limakhala ndi chilembo C kapena zilembo LT. Mulinso manambala anayi onena tsiku lobadwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la kaunjika litha kukhala ndi mapanga akuya koma lili lokalamba, labala wake atauma.

Kumbali ya malamulo, galimoto ya malonda imayenera kukhala ndi chiphaso cha COF chochokera ku nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, ndipo galimoto ya katundu siloledwa kunyamula anthu olipira popanda chilolezo. Koma komwe minibasi sifika anthu amakwera chomwe chilipo, ndipo woyesa galimoto amaiona tsiku limodzi ili yopanda kanthu. Masiku ena onse woyesa ndi wokwera yemwe. Safunika kukhala makaniko. Atha kusuzumira kunsi n'kuona ngati pali lifu yothyoka, yomangidwa ndi lamba wa chubu kapena yowotcherera. Atha kuona ngati galimoto yapendekera mbali imodzi, ngati matayala a kumbuyo aphwanthika m'mbali ngakhale bodi ili chilili, ndi ngati simenti yaikidwa kutsogolo pafupi ndi kabini kapena yaunjikidwa pa chitseko cha kumbuyo. Potsika phiri, fungo la chinthu chopserera ndi chifukwa chokwanira chopemphera adalaivala kuti aime mabuleki azizire.

Makaniko wosamala akamaliza kumanga masipuling'i samanga mabawuti a mabushi galimoto ili pa jeke. Amaitsitsa kaye kuti iime pa matayala ake, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Akatero amauza mwini wake kuti abwere nayo akayenda maulendo awiri kapena atatu, chifukwa malifu atsopano akakhazikika ma U-bolt amalekerera ndipo amafuna kumangidwanso.

Pikapu ikafika pa chigwa cha Usisya, pafupi ndi phiri la Mphande, anthu amatsika akukutumula fumbi m'zitenje. Anyamata amatsitsa matumba n'kuwasenza kupita kumchenga, komwe mwini boti la ku Ruarwe amayang'ana kumwamba ndi panyanja kuti aone ngati mwera ulola. Nayenso ali ndi muyeso wake, ndipo wake subisika, poti boti likalemedwa madzi amafika m'milomo. Womuthandiza dalaivala amazungulira galimoto akugwira pakati pa tayala lililonse ndi kuseri kwa dzanja kuti amve lomwe latentha kuposa anzake, kenaka amagona pansi ndi sipanala. Pambali pake matumba a usipa ayamba kale kufika, oyembekezera ulendo wa mawa m'mamawa.